Ntchito yoyendetsa thiraki ku Malawi

Kuyendetsa thiraki ndi ntchito yonyamula katundu wolemera pamsewu. Dziko la Malawi lilibe doko la panyanja yamchere, choncho mafuta, feteleza ndi katundu wina wambiri amabwera pa mathiraki kuchokera ku Beira, Dar es Salaam ndi Durban, kudzera m'zipata monga Mwanza, Dedza ndi Songwe.

Malayisensi

Malayisensi amaperekedwa ndi nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services. Layisensi ya C1 ndi ya galimoto zolemera makilogalamu oposa 3,500 koma osapitirira 16,000, ya C ndi ya zolemera kuposa pamenepo, ndipo palinso layisensi ina ya mathiraki akuluakulu okoka ngolo. Dalaivala wonyamula katundu wa malonda amafunikanso chilolezo cha PrDP, komanso pasipoti ngati akutuluka m'dziko.

Kusankha sukulu

Sukulu yoyenera ndi yolembetsedwa kuboma ndipo ili ndi galimoto yogwirizana ndi layisensi imene wophunzira akufuna. Asanalipire, wophunzira afunse kuti adzagwira chiwongolero maola angati. Maphunziro abwino amakhudza kubwerera chambuyo ndi ngolo, mabuleki a mpweya, kumanga katundu ndiponso kutsika mtsetse ndi giya yotsika. Makampani ambiri amayesa dalaivala pamsewu asanamulembe ntchito, motero layisensi yokha siyokwanira.