Womwa Mowa Akafuna Kulawa Vinyo Wofiira

Munthu amene adazolowera mowa akaima koyamba pamaso pa mabotolo a vinyo m'sitolo amasowa pogwira. Mowa wake amaudziwira patali, ndipo mtengo wa mtundu wina susiyana kwenikweni ndi wa unzake. Koma vinyo ali ndi mayina ambirimbiri achilendo, ndiponso botolo limodzi limatha kudya ndalama zimene zikadagula mabotolo khumi a vinyo wina wooneka chimodzimodzi. Pamenepo ambiri amangoganiza kuti wokwera mtengoyo ndiye weniweni, ndi kuti wotsika mtengo ndi wa anthu osadziwa kanthu. Ganizo limeneli lathetsa ndalama za anthu ambiri, makamaka achinyamata amene angoyamba kumene kulandira malipiro ndipo akufuna kuoneka ozindikira pakati pa anzawo.

Dziko loyenera kuphunzirako nkhaniyi ndi South Africa, kumene kumachokera vinyo wambiri wopezeka m'masitolo a ku Malawi. Mphesa zoyamba za ku Cape zidafinyidwa pa 2 February 1659, m'masiku a Jan van Riebeeck, komabe mpaka lero anthu ambiri a dzikolo amakonda mowa koposa vinyo. Chifukwa china chili m'malamulo akale. Lamulo la 1928 lidalimbitsa chiletso chakuti anthu akuda asamagule zakumwa zimene zinkatchedwa za Azungu, kuphatikizapo vinyo, ndipo chiletsocho chidachotsedwa mu 1962. Kufikira nthawi imeneyo wantchito wa ku Johannesburg ankamwa mowa wa mapira m'maholo a akuluakulu a mzinda kapena m'mashabini obisika. Pamene chionetsero choyamba cha vinyo chidachitika ku Soweto mu 2005, cholinga chake chidali kufikitsa vinyo kwa anthu amene makolo awo adakula ndi mowa. Funso la anthu otero ndi lomwe lija la munthu wa m'sitolo: kodi kukoma kwa vinyo kumayenda ndi mtengo wake?

Zimene ofufuza adapeza

Yankho loyamba lidachokera kwa omwa mowa eni ake. Mu 1964 Ralph Allison ndi Kenneth Uhl, a ku America, adapatsa amuna oposa 300 mabotolo a mowa wa mitundu ingapo atachotsapo mapepala a mayina. Amunawo adali oti aliyense ali ndi mtundu wake umene amautamanda, koma mayina atabisika sadathe kuuzindikira, ndipo mitundu yonse adaiona ngati yofanana. Mapepala atabwezeredwa, aliyense adayambanso kuyamikira wake uja. Zimenezi zidasonyeza kuti gawo lalikulu la chimene munthu amachitcha kukoma limalowera m'maso, lilime lisadagwire ntchito.

Vinyo nayenso adayesedwa chomwecho. Mu 2008 Robin Goldstein ndi anzake adafalitsa zotsatira za kulawa kopitirira maulendo 6,000, kumene olawa sankaona botolo kapena kudziwa mtengo. Anthu wamba sadakonde vinyo wokwera mtengo koposa wotsika; kunena zoona, wokwerayo adamukonda mocheperako pang'ono. Okhawo amene adaphunzira za vinyo ndiwo adapendekerako ku wokwera mtengo. M'chaka chomwecho Hilke Plassmann ndi anzake ku California adapatsa anthu 20 vinyo mmodzimodziyo kawiri, ulendo wina akuwauza kuti botolo lake ndi la madola 10, ulendo wina kuti ndi la madola 90. Olawawo adati wa madola 90 akukoma koposa, ndipo makina ounikira ubongo adaonetsa kuti mbali ya ubongo imene imamva chisangalalo idagwiradi ntchito kwambiri pa ulendowo. Sadali kunama ayi. Mtengo ndiwo udawakometsera.

Izi sizitanthauza kuti vinyo yense ndi wofanana. Wokwera mtengo kawirikawiri amachokera m'munda umodzi wodziwika, mphesa zake zimathyoledwa ndi manja, ndipo amagona miyezi yambiri m'migolo yatsopano yamatabwa imene imagulidwa modula. Koma zambiri zimene wogula amalipira pamenepo ndi zinthu zoti lilime losaphunzira silingazimve. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pepala lokongola pa botolo silinena kanthu za chimene munthu adzamve m'kamwa mwake.

Zinthu zinayi zofunika kuzimva

Womwa mowa sayamba wopanda kanthu, pakuti lilime lake lidaphunzira kale kusiyanitsa kuwawa, kuwawasa ndi kulemera kwa chakumwa. Chofunika ndi kudziwa pamene vinyo amasiyanirana ndi mowa. Wofulula mowa amayamba wamereza chimera kuti ufa wa m'mbewu usanduke shuga, pamene mphesa zimakhala ndi shuga kale zikapsa. Madzi a mphesa zambiri zakuda ndi oyera. Kufiira kumachokera m'makoko, chifukwa vinyo wofiira amawira pamodzi ndi makoko ndi njere zake kwa masiku angapo.

Choyamba kuchimva ndi kutsekemera. Yisiti ikadya shuga yense, vinyoyo satsekemera, ndipo ndiye amene pa botolo amalembedwa kuti "dry". Wolembedwa kuti "sweet" amalowa mosavuta kwa woyamba kumene, koma shuga amabisa zolakwika ndipo amanyenga munthu kuti amwe mofulumira. Chachiwiri ndi kuwawasa, kumene kumatulutsa malovu monga limachitira bwemba. Amene adazolowera masese sadabwa nako. Chachitatu ndicho chimathawitsa ambiri: kuuma kwa m'kamwa, konga kumene munthu amamva akaluma nthochi yosapsa kapena akamwa tiyi wobiriwira kwambiri wopanda mkaka. Kumeneku kumadza ndi tanini, amene amachokera m'makoko ndi m'njere, ndipo kumachepa munthu akamadyera nyama ya mafuta. Chachinayi ndi kulemera kwake pa lilime, monga momwe mowa wakuda umalemerera kuposa woyera.

Zinayizi zikadziwika, kusankha kumaphweka. Wokonda mowa woyera wozizira angayambe ndi vinyo wa mphesa za Cinsaut, wopepuka ndi wa tanini wochepa, kapena Merlot, amene ndi wofewa. Wokonda mowa wakuda, umene chimera chake chimakazingidwa mpaka kununkhira ngati khofi, angapeze mnzake mwa Shiraz, amene amamveka ngati tsabola wakuda, kapena mwa Pinotage. Mphesa za Pinotage ndi za ku South Africa komweko: Abraham Izak Perold wa pa yunivesite ya Stellenbosch adazipanga mu 1925 pokwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut, ndipo ena amazisunga ndi matabwa owauka kotero kuti vinyo wake amanunkhira khofi. Cabernet Sauvignon ali ndi tanini wambiri, choncho ndi bwino kumufika pambuyo pake, makamaka pa nyama yowotcha.

Palinso vinyo wosakaniza mitundu ingapo ya mphesa amene adapangidwira anthu wamba kuyambira pachiyambi. Chateau Libertas adayamba kugulitsidwa mu 1932, ndipo adamuyambitsa ndi William Charles Winshaw, dokotala wochokera ku America amene adakhazikika ku Stellenbosch. Tassenberg adatsatira mu 1936, ndipo ophunzira a m'mayunivesite a dzikolo adamupatsa dzina lachikondi lakuti Tassies chifukwa ndiye ankakwanira thumba lawo. Mayina amenewa akhala pamsika zaka pafupifupi 90 popanda kudzitcha apamwamba. Wogula ayang'anenso chidindo cha pakhosi pa botolo. Kuyambira mu 1973 South Africa ili ndi lamulo lotsimikiza chiyambi cha vinyo: dera likalembedwa, mphesa zonse ziyenera kuchokera kumeneko, ndipo masiku ano dzina la mtundu wa mphesa likalembedwa, magawo 85 pa 100 ayenera kukhala a mtundu umenewo. Chidindocho sichilonjeza kukoma, koma chimatsimikiza kuti zolembedwazo n'zoona.

Kulawa pagulu

Njira yotsika mtengo yophunzirira ndiyo kusonkherana. Anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi agule mabotolo atatu a mitengo yosiyana, wina amene salawa nawo awakulunge m'mapepala ndi kulembapo manambala. Aliyense athiridwe pang'ono, osafika theka la tambula, ayang'ane mtundu wake, anunkhize, kenaka asunge vinyoyo m'kamwa kanthawi asadameze. Pakati pa botolo ndi linzake amwe madzi ndi kudya kachidutswa ka buledi. Lamulo lalikulu n'lakuti aliyense alembe maganizo ake wina asadayankhule, chifukwa pagulu mawu a munthu wolemekezeka amalowa m'malilime a onse. Mapepala aja achotsedwe pomaliza. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

M'mayiko otentha muli chinthu china chofunika kusamala. Vinyo wofiira amakoma pa madigiri 16 mpaka 18, kutanthauza kuti m'mwezi wa October ayenera kukhalako m'firiji theka la ola. Akatentha amangomveka ukali wokha. Botolo limene lakhala pa zenera la sitolo padzuwa likhoza kukhala litaonongeka ngakhale ndi lodula chotani. Likatsekulidwa, mpweya umayamba kumusintha vinyoyo, ndipo patapita masiku ochepa amayamba kukoma ngati vinigala. Vinyo wa m'bokosi, njira imene Thomas Angove wa ku Australia adailembetsa mu 1965, amakhala milungu ingapo chifukwa thumba la m'kati limafwafwala osalowetsa mpweya. Chitsekero chopotokola nachonso si chizindikiro cha vinyo wachabe.

Nanga mawu ofotokozera kukomako achokere kuti? Mabuku a ku Ulaya amafanizira vinyo ndi zipatso zimene munthu wa ku Africa sadazionepo, ndipo ambiri amangokhala chete poopa kusekedwa. Koma fungo limadziwika pofanizira ndi chimene munthu adanunkhizapo, kotero kuti masuku, masawu, nthudza ndi utsi wa nkhuni ndi mawu oyenera ndithu. Ntsiki Biyela, wa ku Mahlabathini m'chigawo cha KwaZulu-Natal, adapita kukaphunzira za vinyo ku Stellenbosch asadamulawepo, ndipo atamulawa koyamba sadamukonde. Mu 2004 adakhala mkazi wakuda woyamba kukhala katswiri wopanga vinyo m'dzikolo, ndipo pambuyo pake adayambitsa vinyo wakewake wotchedwa Aslina, dzina la agogo ake. Mu 2017 amuna anayi a ku Zimbabwe ogwira ntchito yosankhira alendo vinyo m'malesitilanti a ku Cape, Joseph Dhafana, Tinashe Nyamudoka, Pardon Taguzu ndi Marlvin Gwese, adaimira dziko lawo ku France pa mpikisano wa dziko lonse wozindikira vinyo osaona botolo. Ulendo woyambawo adakhala chakumapeto, koma mu 2018 adakwera kufika pa nambala 14. Lilime limaphunzira monga momwe dzanja limaphunzirira kulemba.

Msampha wa muyeso

Pali ngozi imodzi imene imadikira womwa mowa makamaka, ndiyo muyeso. Mowa wa m'botolo umakhala ndi ukali wa magawo 4 kapena 5 pa 100, pamene vinyo wofiira amakhala ndi 12 mpaka 14 kapena kupitirirapo. Botolo limodzi la vinyo la mamililita 750 limafanana ukali ndi mabotolo a mowa a mamililita 330 pafupifupi 6. Munthu wozolowera kugugudiza akamwa vinyo ngati mowa amagwa asadazindikire chimene chamugwetsa. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Mbiri ya ku Cape ili ndi umboni wowawa wa zimenezi. Kwa zaka mazana, eni minda ya mphesa ankalipira antchito awo gawo lina la malipiro ndi vinyo wachabechabe, amene ankaperekedwa kangapo patsiku. Mchitidwewu, wotchedwa dop, udaletsedwa ndi lamulo cha mu 1960, koma m'minda ina udapitirira mpaka m'zaka za m'ma 1990. Zotsatira zake zikadalipo: ofufuza adapeza kuti m'madera ena a Western Cape chiwerengero cha ana obadwa ataonongeka ubongo chifukwa amayi awo ankamwa ali ndi pakati chili m'gulu la ziwerengero zokwera koposa pa dziko lapansi. Mu 2007 boma la South Africa lidaletsa kugulitsa vinyo m'matumba onyezimira opanda bokosi otchedwa papsak, amene ankagulidwa pofuna kuledzera basi. Choncho kutsika mtengo kuli pawiri. Pali vinyo wopangidwa mosamala kuti munthu wamba adyere chakudya, ndipo pali wina wopangidwa kuti wosauka aiwale umphawi wake kwa usiku umodzi.

Sikoyeneranso kukhulupirira kuti vinyo wofiira ndi mankhwala a mtima. Mu January 2023 bungwe la World Health Organization lidanena poyera kuti palibe muyeso wa chakumwa choledzeretsa umene ulibe chiopsezo pa thanzi, ndipo kuyambira mu 1988 zakumwa zotere zili m'gulu la zinthu zodziwika kuti zimayambitsa khansa. Amene samwa alibe chifukwa choyambira. Mwana wosakwana zaka 18, mayi woyembekezera ndi woyendetsa galimoto alibe malo pa gulu lolawa.

Kwa wamkulu amene amamwa kale, phindu la kuphunzira kulawa lili pa thumba ndi pa thupi pomwe. Wodziwa chimene lilime lake limafuna sataya malipiro a mlungu pa botolo lofuna kudabwitsa anzake, ndipo wolawa modekha amamwa pang'ono, pakuti tambula yachitatu ikadutsa lilime silisiyanitsanso Merlot ndi Shiraz. Botolo limodzi la mtengo wapakati, logawana anthu asanu pa chakudya chamadzulo, limapatsa aliyense tambula imodzi ya mamililita 150, ndipo m'mawa mwake onse amafika ku ntchito pa nthawi yake.