Mphaka wa m'sitolo ya mbewu: kusankha ndi kupereka mankhwala a njoka za m'mimba

M'sitolo zambiri zogulitsa mbewu ndi zipangizo zaulimi, mlonda amene sagona usiku ndi mphaka. Izi zili choncho ku Lilongwe ndi ku Chipata, komanso ku Ivory Park, dera la kumpoto kwa Johannesburg loyandikana ndi Tembisa, kumene nyumba n'zothithikana ndipo makoswe ndi vuto la tsiku ndi tsiku. Thumba la mbewu likabooledwa ndi khoswe, phindu lapita. Komabe njira yothira poizoni ili ndi zoopsa zake. Mu Okutobala 2024, ana 6 a ku Naledi, ku Soweto, anamwalira ndi terbufos, mankhwala a m'munda amene amagulitsidwa mozemba ngati ophera makoswe. N'chifukwa chake ife timaona kuti mphaka wathanzi ndi chuma m'nyumba yosungiramo mbewu.

Koma walira mvula walira matope. Mphaka amene amagwira makoswe ndi amenenso amatenga njoka za m'mimba kawirikawiri, pakuti mphutsi za njokazi zimabisala m'thupi la khosweyo.

Njoka zofala zili m'magulu atatu. Loyamba ndi la njoka zobulungira zotchedwa Toxocara cati, zimene ana amphaka amatenga kudzera mu mkaka wa mayi wawo. Kamphaka kotupa mimba, ka ubweya wonyankhalala, nthawi zambiri kamakhala nazo. Lachiwiri ndi la tinjoka toyamwa magazi m'matumbo, timene timafooketsa mphaka. Lachitatu ndi la njoka zazitali zophwatalala ngati lamba: Taenia taeniaeformis imachokera ku makoswe ndi mbewa, pamene Dipylidium caninum imalowa mphaka akameza utitiri podzinyambita. Tizidutswa take timaoneka ngati mpunga pansi pa mchira kapena pogona pake. Tisanyengedwe ndi maonekedwe: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mphaka wonenepa angathe kukhala akumwaza mazira a njoka pabwalo.

Nkhaniyi ikukhudzanso anthu. Mazira a Toxocara akakhala m'dothi kwa masabata angapo amakhwima, ndipo mwana wosewera pamchenga akawameza, mphutsi zake zingathe kuyenda m'thupi mpaka kuwononga diso.

Posankha mankhwala, tisayang'ane dzina la malonda lokha. Tiwerenge zimene zili m'kati mwake. Praziquantel ndi amene amapha njoka zophwatalala. Pyrantel ndi milbemycin oxime amapha zobulungira ndi zoyamwa magazi. Piperazine, amene amakhala wotsika mtengo, amangogwira zobulungira basi, choncho sakwanira kwa mphaka wosaka makoswe. Mphaka wa m'sitolo amafunika mankhwala osakaniza, monga Drontal ya amphaka, imene ili ndi praziquantel ndi pyrantel, kapena Milbemax, imene ili ndi praziquantel ndi milbemycin oxime.

Ku South Africa, mankhwala a ziweto ogulitsidwa m'sitolo amalembetsedwa pansi pa lamulo la Act 36 la mu 1947, ndipo paketi yovomerezeka imakhala ndi nambala yoyamba ndi chilembo cha G. Mapiritsi omangidwa m'kapepala, opanda dzina ndi tsiku lothera mphamvu, tisawagule ndipo tisawagulitse.

Chenjezo lalikulu kwa ife ogulitsa ndi ili: mphaka si mbuzi yaing'ono, ndipo si galu. Wogula akapempha kuti timupungulire ivermectin wa ng'ombe kapena mankhwala omwetsa nkhosa, tikane mwaulemu, pakuti mphamvu yake ndi ya chiweto cholemera makilogalamu ambiri, ndipo madontho ochepa opyola muyezo angathe kupha mphaka. Momwemonso mankhwala a utitiri a agalu okhala ndi permethrin ndi poizoni kwa amphaka: amayambitsa kunjenjemera ndi kukomoka.

Muyezo umatengera kulemera kwa mphaka, osati kuyerekeza ndi maso. Sikelo yoyezera mbewu ili nafe kale. Timuike mphakayo m'dengu lotseka, tiyeze, kenako tichotsere kulemera kwa dengulo. Piritsi limodzi la Drontal ya amphaka ndi la makilogalamu 4. Milbemax ili ndi mapiritsi a amphaka akulu ndi ena a tiana, ndipo saperekedwa kwa kamphaka kosakwana masabata 6 kapena kosafika theka la kilogalamu. Nthawi zonse malangizo a papaketi ndiwo otsogolera.

Popereka piritsi, timufunditse mphaka ndi thaulo kuti zikhadabo zisatikande, mutu wokha ukhale kunja. Tipendeketse mutuwo m'mwamba pang'ono, titsegule kukamwa ndi chala, tiike piritsi kumbuyo kwa lilime, kenako titseke ndi kumusisita pakhosi. Akanyambita mphuno, nthawi zambiri ndiye kuti wameza. Njira ina ndi kubisa piritsi m'kachidutswa ka nsomba, n'kumupatsa ali ndi njala, ali yekha, kuti mnzake asamulande. Kwa mphaka wolusa alipo mankhwala odonthezera pakhungu kumbuyo kwa khosi, pamene lilime silifika, okhala ndi emodepside ndi praziquantel. Tikamaliza tisambe m'manja.

Mankhwalawa amapha njoka zimene zilipo tsikulo. Sateteza mphaka ku za mawa. Ndiye kubwereza n'kofunika. Ana amphaka amayamba pa masabata 3, ndi mankhwala oyenera msinkhuwo, n'kumabwereza masabata 2 alionse kufikira atasiya kuyamwa, kenako mwezi ndi mwezi kufikira atakwanitsa miyezi 6. Mayi wawo alandirenso. Mphaka wamkulu alandire kosachepera ka 4 pa chaka, ndipo wosaka makoswe kwambiri angafunike mwezi uliwonse. Tilembe tsiku lake m'buku la sitolo monga momwe timalembera katundu. Tisaiwale utitiri, pakuti tikausiya, njoka zophwatalala zimabwerera m'masabata ochepa. Chimbudzi cha mphaka chichotsedwe tsiku lililonse, mazira asanakhwime.

Mphaka wodwala, woonda kwambiri, wosanza mosalekeza kapena wabere asapatsidwe mankhwala tisanafunse dokotala wa ziweto. Okhala ku Ivory Park angathe kufunsa ku SPCA ya ku Midrand, ndipo ku Malawi, Zambia ndi Mozambique tifunse alangizi a ziweto a m'dera lathu.

Wogula akabwera kudzafuna mankhwala a mphaka, tiyambe tamufunsa mafunso atatu: mphakayo ali ndi msinkhu wanji, akulemera bwanji, ndipo kodi amagwira makoswe? Mayankho ake ndiwo atiuze paketi yoyenera kutsitsa pashelefu.