Galu wanga woyamba anapulumuka chifukwa cha kakhadi

Akawalala atalowa m'yadi yathu ku Kalikiliki usiku wina malaiti atapita, anatenga batire ya sola, mbaula ziwiri ndi zovala zonse zimene zinali pa waya. M'mawa mwake tonse okhala pa lendi tinaima panja ngati pamaliro. Amai eni nyumba, amene tonse timangowaitana kuti ba landlord, ndiwo anayamba kulankhula. "Apa manje pafunika galu," anatero. Atanena choncho anayang'ana ine, chifukwa pa yadi yonse ndine ndekha amene ndilibe ana odyetsa.

Chibadwire sindinasungepo galu. Ndinaganiza zogula kagalu kwa anyamata amene amaimirira nato m'mbali mwa msewu, koma mnzanga wa kuntchito anandiletsa. Ati tuagalu tumeneto tambiri amatuchotsa kwa amai awo tusanasiye kuyamwa, tulibe katemera, ndipo pakapita masiku ochepa tumayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba mpaka kufa. Anandiuza kuti ndipite ku Lusaka Animal Welfare Society, imene ambiri amaidziwa kuti LAWS, kumene amasunga agalu ndi amphaka otayidwa.

Ndinaseka. Kwa ine zimenezo zinali za anthu a kumayadi, a ku Kabulonga ndi Ibex Hill, kumene galu amakwera galimoto pampando wakutsogolo. Ife a mukomboni galu timangopatsidwa ndi neba. Komabe Loweruka lina ndinakwera minibasi kupita m'tauni.

Phokoso ndinalimva ndisanalowe. Agalu ena anali kulumphira waya, ena anangogona pakona osafuna kuona munthu. Ndinapita ndi mtima wofuna chigalu chaukali, chakuti kawalala akangomva mawu ake abwerere. M'malo mwake ndine amene ndinayamba kufunsidwa mafunso. Kodi yadi ili ndi mpanda? Eni nyumba avomera? Mukapita kuntchito galu atsala ndi ndani? Adzagona pati mvula ikagwa? Funso lomalizali linandigwira, pakuti aliyense wa ku Kalikiliki adziwa mmene madzi amadzazira m'mayadi mwezi wa Januwale.

Tsiku limenelo ndinabwerera wopanda galu. Ndinayamba ndatseka chibowo cha kumpanda, n'kumanga kanyumba ka mabuloko pamalo okwera, n'kupempha ba landlord kuti avomere poyera pamaso pa onse. Anavomera, koma ndi chenjezo: "Mwana wanga, akaluma mwana wa munthu, ni iwe uzayankha, osati ine."

Amene ndinabwera naye si chigalu chimene ndinali kulota. Ndi kagalu kakakazi kofiirira, ka makutu ogwa, ka mtundu womwewu timauona pa zinyalala. Ndinalipira ndalama imene amapempha, anandipatsa kali kotseketsa kale kuti kasabereke, pamodzi ndi kakhadi kolembedwa tsiku limene kanabayidwa katemera wa chiwewe. Anthu a pa yadi atakaona anafa nazo nseko. Wina ati kachepa ngati pamela, kapaketi kaja ka unga timagula pa kantemba ndalama zikatha. Dzina linagwira pomwepo.

Masiku oyamba anali ovuta. Pamela anakana kudya, ankabisala kuseri kwa dramu, ndipo munthu akangogwira tsache ankanjenjemera. Zikuoneka kuti kumene anachokera anadziwana nayo ndodo. Ndinaphunzira kuti nsima yokha si chakudya cha galu. Ndinayamba kuikamo kapenta ndi zotsala za kubutchala ku msika wa Mtendere, ndipo mafupa a nkhuku ophika ndinaleka kumupatsa nditauzidwa kuti amasweka n'kubaya m'matumbo. Aneba anandiuza kuti ndimumange pa tcheni usana wonse ndi kumuikira mpilipili m'chakudya kuti akalipe. Ndinakana. Galu wozunzidwa sasankha, amaluma kawalala ndi mwana wa pa yadi yemwe.

Tsoka linabwera mwezi wachiwiri. Ndili kuntchito foni inalira: "Bwelani manje manje, galu wanu aluma mwana." Kamnyamata ka neba ka zaka zisanu kanamukoka mchira akudya, iye n'kutembenuka kukagwira pa dzanja. Pofika ndinapeza anthu adzaza pa geti, anyamata atanyamula miyala. Atate a mwanayo anali kunjenjemera ndi mkwiyo. "Ba neba, uyu galu afe lelo. Ngati ali na chiwewe, mwana wanga azankala bwanji?"

Sindinawaimbe mlandu. Chiwewe si matenda oseweretsa. Bungwe la WHO limati chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa agalu. Mwa anthu 10 olumidwa ndi nyama zokayikitsa, anayi amakhala ana osafika zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, munthu sachira.

Choyamba tinatsuka bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, monga mmene azaumoyo amalangizira. Amai ena anafuna kuikapo ubweya wa galuyo wootcha, koma tinawaletsa. Kenako ndinalowa m'nyumba n'kutulutsa kakhadi kaja. Atate a mwanayo anakawerenga kawiri, n'kuuza anyamata kuti aike miyala pansi. Tinapita tonse kukiliniki, khadi lili m'manja, ndalama ya mayendedwe ndi mankhwala ndinalipira ine. Tinalangizidwa kuti galu atsekeredwe ndi kuyang'aniridwa masiku 10, chifukwa galu amene anali ndi chiwewe m'malovu pa tsiku loluma amadwala kapena kufa mkati mwa masiku amenewo.

Masiku 10 amenewo sindinagone bwino. M'mawa uliwonse atate aja ankabwera kudzasuzumira m'kanyumba, osandipatsa moni. Tsiku la 10 anapeza Pamela akugwedeza mchira, mbale ili mbee. Anangoti, "Mwauka bwanji, ba neba," n'kupita. Bala la mwana linali litapola.

Ndikaganiza, chimene chinapulumutsa galuyo ndi ubale wathu pa yadi ndi kapepala kamene agalu ambiri mukomboni alibe. Lamulo lilipo: Control of Dogs Act, Chapter 247 ya malamulo a Zambia, pansi pake galu ayenera kulembetsedwa ndi kubayidwa katemera wa chiwewe. Kagalu kamayamba kubayidwa kakakwanitsa miyezi itatu, ndipo katemera amabwerezedwa pa nthawi imene dokotala wa nyama walemba pa khadi. Kwa ife a kuno, sukulu ya madokotala a nyama ya ku UNZA pa Great East Road si patali. Chaka chilichonse pa 28 Sepitembala dziko lonse limakumbukira tsiku lolimbana ndi chiwewe, ndipo cholinga n'chakuti pofika 2030 pasakhale munthu wofa ndi chiwewe chochokera kwa galu. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse m'dera akabayidwa, matendawa amaleka kufalikira.

Cholakwa changa ndinachiona. Ndinakonza mpanda, koma sindinaphunzitse ana. Manje ana onse a pa yadi adziwa malamulo atatu: galu akudya samukhudza, akugona samudzutsa, ndipo samukoka mchira. Chakudya ndimamupatsa m'mawa ndisanachoke ndi madzulo ndikabwera, ine ndili pomwepo.

Za akawalala, Pamela sanagwirepo aliyense. Koma usiku wina mwezi watha anauwa mpaka yadi yonse inadzuka, ndipo m'mawa tinapeza buloko imodzi yagwa kumpanda. Ba landlord, amene poyamba sankafuna n'kumuona pakhomo pawo, tsopano amamusungira nkhoko za nsima. Dzulo anandiimitsa pa geti n'kundifunsa, "Iwe, ija nyeleti yake ya chiwewe ikwana liti? Osaiwala."