Cithandizo Cimene Cimanga Munthu



Alipo mau amene makolo athu akale anawakonda, koma ana ao anadza kuwaopa: mauwo ndiwo akuti thangata. Paciyambi kuthangata kunali kuthandizana. Munthu akafuna kulima munda waukuru kapena kufolera nyumba, anansi ace anali kudza nagwira naye nchito, ndipo tsiku lina iyenso anali kupita kwao. Koma dziko lino litagwa m'manja mwa Angerezi m'caka ca 1891, ndipo Azungu atatenga malo akuru m'mapiri ano, mau okoma aja anasanduka goli. Amene anali kukhala pa malo a Mzungu anauzidwa kuti amthangate mwini malo: mwezi umodzi wa nchito polipira malo okhalapo, mwezi wina cifukwa ca msonkho wa nyumba. Miyeziyo inali kugwa m'dzinja, nthawi imene munda wa munthu mwini unali kulira khasu. Alomwe ambiri, amene anathawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique, anafika kuno opanda malo ao, nalowa m'goli lomweli.

Goli limeneli silinathyoke msanga. John Chilembwe anaukira ku Chiradzulu m'caka ca 1915. Sir Sidney Abrahams anadza kudzafunsa za malo mu 1946. Mu Ogasiti 1953 munabuka cipolowe kuno ku Thyolo, anthu nafa. Ndipo lamulo lothetsa thangata linadza m'caka ca 1962.

Sindikumbutsa zimenezi kuti ndidzutse mkwiyo, iai. Ndifuna titolepo phunziro limodzi, lakuti cinthu cingathe kufika pakhomo ndi dzina la cithandizo, koma m'thumba mwace muli cingwe. Akuru anati, cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Masiku ano zinthu zitatu zitifikira ndi dzina lomweli: lamya ya m'manja, makina a m'munda, ndi mphatso za andale. Ine ndiyesa kuti ciri conse mwa izi tiyenera kucifunsa funso limodzi: kodi cikatha kundithandiza, cindisiya ndiri mfulu kapena wangongole?

Tiyambe ndi lamya. Ine sindiri mwa iwo amene aitukwana. Kale mnyamata wopita ku migodi ya ku Joni anali kukhala zaka osamveka, ndipo amai ace sanali kudziwa ngati ali moyo. Lero mwana ali ku Johannesburg alankhula ndi makolo ace madzulo ali onse. Kuyambira pamene Airtel Money inafika mu 2012, ndi Mpamba mu 2013, munthu angathe kutumiza ndalama ya sukulu kapena ya cipatala osakwera galimoto. Ndipo pamene namondwe wa Freddy anasakaza cigawo cino ca kumwera mu Marichi 2023, ambiri anamva za abale ao pa lamya. Ici ndi cithandizo ceniceni, tiyamike.

Komatu m'lamya yomweyo muli makomo ena awiri. Loyamba ndi ngongole: ukongola mayunitsi lero, mawa ukagula ena ayamba adula ao pamodzi ndi capamwamba. Ndalamayo ndi yocepa, koma cizolowezi cace ndi ca katapila, ndipo cimphunzitsa munthu kudya za mawa lero. Laciwiri ndi juga ya mpira. Kale wa juga anali kubisala kuseri kwa msika, nacita manyazi. Tsopano juga yalowa m'thumba la malaya, ndipo bambo angathe kutaya malipiro a masabata awiri ali khale pa mphasa, mkazi wace ali kuphika osadziwa kanthu. Eni juga sanakhazikitse nchito yao kuti alemeretse wothyola tiyi. Phindu lao licokera kwa oluza. Cotero uphungu wanga ndi uwu: lamya ikhale ya banja, ndipo mwamuna ndi mkazi adziwe onse awiri ndalama zolowamo ndi zoturukamo.

Taciwiri, makina. Tonse tidziwa kuti tiyi wabwino ndi wa masamba awiri ndi kansonga, wothyoledwa ndi dzanja. Koma m'maiko ambiri olima tiyi eni minda alowetsa makina odula masamba, pakuti makina amodzi agwira nchito ya anthu ambiri. Ku Kenya, m'dera la Kericho, anthu anatentha makina otere m'caka ca 2023 poopa kutha kwa nchito. Ine sindivomereza moto, pakuti munda ukagwa, wanchito agwa nao pamodzi. Ndiponso cakudza siciyimba ng'oma, makina sadzaleka kudza cifukwa ca ukali wathu. Koma sindivomerezanso kuti munthu atayidwe monga dengu lothyoka.

M'caka comwe cija ca 1891, Papa Leo XIII analemba kalata yace ya Rerum Novarum, pamene makina anali kusintha moyo wa anchito ku Ulaya. Anaphunzitsa kuti malipiro ayenera kukwanira kusunga wanchito, ndi kuti anchito ali ndi ufulu wa kupanga mabungwe ao. Papa Leo XIV, wosankhidwa mu Meyi 2025, anafotokoza kuti anatenga dzinali pokumbukira kalata imeneyo, popeza tsopano kwadza makina ena ophunzitsidwa kuwerenga, kulemba ndi kuyankha monga munthu. Njira yace tsono ndi ya kukambirana pamodzi. Kuno kwathu bungwe la anchito a m'minda, PAWU, linasainirana pangano loyamba la malipiro ndi Tea Association of Malawi m'caka ca 2016. Mutu umodzi susenza denga: wanchito alowe m'bungwe, apite ku misonkhano yace, aphunzire kuwerenga sikelo ndi pepala la malipiro ace. Ndipo inu makolo, musamcotse mwana ku sukulu kuti akagwire ganyu. Nchito ya manja okha idzacepa, koma wodziwa kukonza makina adzafunidwa.

Tacitatu, ndale. Voti imene tiri nayo sinagwe ndi mvula. Pa 8 Marichi 1992 kalata ya Maepiskopi athu inawerengedwa m'machalichi, kudzudzula zosalungama za nthawi imeneyo. Pa 14 Juni 1993 anthu anasankha ulamuliro wa zipani zambiri. Ndipo pa 3 Febuluwale 2020 khoti linafafaniza cisankho ca pulezidenti ca 2019 cifukwa sicinayende bwino. Cinthu cogulidwa ndi mtengo wotere, kodi ndi cogulitsa ndi nsaru, sopo kapena kandalama ka tsiku limodzi? Lamulo la zipani la 2018 liletsa andale kugawa mphatso pokopa mavoti. Wolandira mphatsoyo ayesa kuti wathandizidwa, koma wadzimanga zaka zisanu, ndipo pakamwa pace patsekeka pamene mankhwala asowa ku cipatala. Imeneyo ndiyo thangata ya makono.

Sindiri kuuza munthu cipani coti asankhe. Imeneyo si nchito ya mphunzitsi. Boma lino la Thyolo laturutsa atsogoleri awiri a dziko, Bingu wa Mutharika mu 2004 ndi Peter Mutharika mu 2014 ndi mu 2025, ndipo si colakwa kunyadira ana a kwathu. Koma mtsogoleri ali yense, wa kwathu kapena wa kutali, Mlomwe kapena Mtumbuka, tiyenera kumfunsa mafunso omwewo: za malo olima amene acepa cifukwa ca kucuruka kwathu, za mtengo wa feteleza, za mseu ndi mlatho, za aphunzitsi a ana athu. Khansala ndi phungu ndi anchito athu. Tiwalemekeze, koma tiwawerengere nchito yao monga kapitao awerengera yathu.

Potsiriza, nazi zinthu zazing'ono zimene banja liri lonse lingathe kuyamba mwezi uno. Tsiku la malipiro, khalani pansi awiri musanagule kanthu, mupatule za cimanga, za sukulu ndi za matenda. Kotsalako, ngakhale kacepe, kaikeni ku banki m'khonde, kumene mukongozana ndi anansi odziwana nao ndipo phindu libwerera kwa inu nomwe pogawana. Musasainire kapena kudinda cala pa pepala limene simunalimve. Safunsa anadya phula. Uthenga wa pa lamya wonena kuti mwapambana mphoto, kapena wopempha nambala yanu ya cinsinsi, ufufuteni osayankha. Ndipo nkhalamba kapena mai wamasiye wa pafupi nanu akalephera kupalira, tengani makasu mupiteko osayembekeza malipiro, kuti ana anu aone ndi maso ao kuthangata kumene makolo athu anali kukudziwa Azungu asanadze.

Mulungu asunge mabanja anu ndi minda yanu.

Ndine wanu,
Mphunzitsi wa ku Thyolo