Makompyuta a Dima: Momwe Mayunivesite Amasakira Tizirombo

Magazi kapena makhololo amene mumatumiza ku labotale nthawi zina amathera pakompyuta. Makina owerenga chibadwa cha kachirombo satulutsa yankho lathunthu. Amatulutsa tizidutswa tambirimbiri tofunika kulumikiza, kenako kuyerekeza ndi tizirombo ta odwala ena. Chibadwa cha kachirombo ka COVID-19 chili ndi zilembo pafupifupi 30,000, pamene cha kachirombo ka TB chili ndi zoposa 4 miliyoni. Kuyerekeza masampulo 1,000 okha, iliyonse ndi inzake, n'kuyerekeza ka 499,500. Laputopu ya wophunzira singalimbe.

N'chifukwa chake mayunivesite amakhazikitsa chimene amachitcha cluster: makompyuta ambiri olumikizidwa pamodzi m'chipinda chozizira, ogwira ntchito ngati anthu a pa dima. Ntchito yaikulu imagawidwa m'ndimendime, kompyuta iliyonse n'kulima yake. Wofufuza sachita kufika m'chipindamo. Amatumiza ntchito yake pa intaneti, ndipo pulogalamu ina, monga Slurm, imaiika pamzere ngati matumba a kuchigayo. Pulofesa ndi wophunzira amagaya pa chigayo chimodzimodzi, ndipo ubwino wake waukulu ndi womwewu, poti wophunzira payekha sakanatha kugula makina otere.

Ku Britain, mayunivesite a Birmingham, Cardiff, Swansea ndi Warwick anakhazikitsa CLIMB mu 2014 kuti akatswiri a tizirombo azigwiritsa ntchito makompyuta amphamvu mogawana. COVID-19 itafika mu 2020, gulu la COG-UK linayamba kusonkhanitsa pa CLIMB zotsatira zochokera m'malabotale a dziko lonselo. M'mwezi wa December chaka chomwecho, akatswiri anaona kuti mtundu wina wa kachiromboka ukufala msanga m'dera la Kent. Atabwerera m'mbuyo m'zimene anasunga, anapeza kuti unalipo kale m'masampulo a mu September. Umenewu ndi umene pambuyo pake unatchedwa Alpha.

Anatha bwanji kudziwa mwezi ndi dera? Sampulo iliyonse inabwera ndi tsiku limene inatengedwa komanso malo ake. Kompyuta imatha kuona kuti tizirombo tiwiri n'tapachibale, koma singadziwe kumene wodwala anadwalira ngati fomu ilibe kanthu. Sampulo yopanda tsiku, kapena yolembedwa mosaoneka, nthawi zambiri ofufuza amangoichotsa pa chiwerengero, ngakhale ndalama zoiwerengera zapita kale.