Ozoni: Supu Imene Mabanja a ku Japan Amatsegulira Chaka

M'mawa wa pa 1 Januwale mizinda ya ku Japan imakhala zii. Masitolo ambiri amakhala otseka, kunja kumazizira koopsa, ndipo ana amene amagwira ntchito kutali amakhala atabwerera kwa makolo awo. Chakudya choyamba chimene banja limadyera pamodzi tsikuli ndi ozoni, supu yotentha imene muli ndiwo zamasamba ndi mochi, keke yofewa ya mpunga. Supuyi yatikopa chifukwa mmene amaiphikira ku Kyoto simufunika nyama, zinthu zake ndi zochepa, ndipo ili ndi phunziro lalikulu la mmene tingasamalire agogo ndi ana pa nthawi ya chakudya.

Mbale imodzi, maphikidwe ambiri

Dzina loti zoni limatanthauza zinthu zosiyanasiyana zophikidwa pamodzi, ndipo "o" wa kumayambiriroyo ndi waulemu chabe. Chakudyachi chinayamba kudziwika m'nyengo ya Muromachi, pakati pa 1336 ndi 1573. Lero chigawo chilichonse chili ndi kaphikidwe kake, moti Mjapani akangoona mbale yako ya ozoni amatha kulota kumene makolo ako anachokera.

Ku Tokyo ndi madera a kum'mawa supuyi imakhala yoyera mbee ngati madzi. Amaikoleretsa ndi sosi wa soya, nthawi zambiri amaikamo nkhuku, ndipo mochi wake ndi wa ngodya zinayi, wowotcha. Ku Kyoto, ku Osaka ndi madera oyandikana nawo supuyi ndi yokhuthala, yotsekemera pang'ono, yopangidwa ndi miso woyera, ndipo mochi wake ndi wobulungira, wowiritsa. Ku Kagawa amachita kuikamo mochi amene m'kati mwake muli nyemba zofiira zotsekemera. Ife tatsata kaphikidwe ka ku Kyoto.

Kumeneko chilichonse cholowa m'mbale chimadulidwa mobulungira. Amati chinthu chopanda ngodya sichibaya munthu, choncho banja likamadya zobulungira limakhala likufunirana chaka chopanda mikangano. Mutu wa banja amamuikira koko wamkulu wotchedwa kashira-imo, pomufunira mphamvu zotsogolera.

Miso ndi mochi n'chiyani?

Miso ndi phala lolimba lopangidwa ndi soya wowiritsa, mchere ndi koji, mpunga umene amameretsapo nkhungu yabwino yotchedwa Aspergillus oryzae. Nkhunguyi imaphwanya mapuloteni a soya ndi sitachi ya mpunga, n'kutulutsa kukoma konse. Miso woyera amakhala ndi mpunga wambiri ndi mchere wochepa, magalamu 5 kapena 6 pa magalamu 100 alionse, ndipo amapsa m'masabata ochepa. Miso wofiira amasungidwa miyezi yambiri ngakhale kupitirira chaka, ndipo mchere wake ndi wochuluka kuwirikiza kawiri.

Mochi ndiye wofuna thukuta. Amanyika mpunga wa mtundu womata usiku wonse, kuuphika ndi nthunzi, kenako n'kuusinja ukadali wotentha. Mtondo wawo amautcha usu, munsi amautcha kine, ndipo munsiwo umaoneka ngati nyundo yaikulu ya mtengo. Wina akamasinja, mnzake amakhala atagwada pambali, n'kumatembenuza mpungawo ndi dzanja lonyowa munsi ukangokwera m'mwamba. Aliyense amene anasinjapo chimanga ndi mnzake mu mtondo umodzi akudziwa kuti ntchito yotere imafuna kumvana. Mabanja ambiri amasinja pa 28 kapena pa 30 Disembala. Amapewa pa 29 chifukwa m'Chijapani mawu oti naini amamveka ngati mawu otanthauza mavuto. Masiku ano ambiri amangogula mochi wouma wa m'mapaketi.

Zofunika pophikira anthu anayi

Madzi mamililita 800
Kombu wouma magalamu 10
Koko wamng'onowamng'ono 4
Daikon, mphete 8 zopyapyala
Karoti mmodzi
Miso woyera magalamu 100
Mochi wobulungira 4
Kakhungu ka yuzu kapena ka ndimu

Kombu ndi chomera cha m'nyanja ya mchere, cha masamba aatali, chimene chambiri chimakololedwa ku Hokkaido. M'chomerachi ndi mmene wasayansi Kikunae Ikeda anapeza glutamate mu 1908, n'kutcha kukoma kwake kuti umami. N'chifukwa chake msuzi wa kombu umakoma ngati muli nyama pamene mulibe. Daikon ndi mtundu wa radishi woyera, wautali ngati chinangwa. Amene muli ku Johannesburg, ku Cape Town kapena ku London mungapeze miso, kombu ndi mochi m'masitolo a zakudya za ku Asia. Pogula miso werengani zolembedwa pa paketi, chifukwa wina amathiramo mowa pang'ono kuti asawonongeke msanga ndipo wina amasakanizamo kale msuzi wa nsomba.

Kaphikidwe kake

Yambani madzulo a tsiku lomaliza la chaka. Pukutani kombu ndi kansalu konyowa, koma osamutsuka, chifukwa kaufa koyera kamene kali pamwamba pake kamawonjezera kukoma. Munyikeni m'madzi aja usiku wonse, kapena kwa mphindi 30 ngati nthawi yakuchepera. Kombu akasowa, nyikani bowa wouma wodziwika bwino kuti ndi wodyedwa. Ajapani nawonso amapanga msuzi ndi bowa wouma wa shiitake.

M'mawa terekani poto pa moto wochepa. Tithovu tikangoyamba kuonekera m'mbali, vuulani kombu. Akabwata, msuzi umaterera ndipo umawawa.

Sendani koko, mumutikite ndi kamchere, mumuwiritse payekha kwa mphindi 5 n'kutaya madziwo kuti kuterera kuchoke. Dulani karoti ndi daikon mphetemphete. Ikani zonsezi mu msuzi wa kombu ndipo ziphike pang'onopang'ono kwa mphindi 15, kufikira foloko italowa mu koko mosavuta.

Tsopano chepetsani moto. Tungani msuzi pang'ono m'kambale, sungunuliranimo miso mpaka zibuma zonse zitatha, kenako bwezerani mu poto. Musalole kuti supu ibwate mwamphamvu miso atalowa, fungo lake labwino limathawa. Musathirenso mchere wina.

Mochi muwiritseni m'poto wina kwa mphindi 3 mpaka 5, kufikira atafewa. Mukamuphikira mu supu momwemo amasungunuka n'kuilimbitsa ngati phala. Pogawa, yalani mphete imodzi ya daikon pansi pa mbale kuti mochi asamatirire, ikani mochi pamwamba pake, kenako koko ndi karoti, thirani supu, n'kumaliza ndi kakhungu ka ndimu. Idyani ikadali yotentha, popeza mochi akazizira amalimba.

Mchere ndi shuga

Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu asamafike magalamu 5 a mchere pa tsiku. Mbale imodzi ya ozoni wophikidwa monga tafotokozera ili ndi mchere wokwana pafupifupi galamu limodzi ndi theka. Mukagwiritsa ntchito miso wofiira wochuluka chimodzimodzi, mbale imodziyo imatenga magalamu atatu, kuposa theka la mlingo wa tsiku lonse. Ngati wofiirayo ndi yekhayo amene mwapeza, thirani osapitirira theka. Amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi aganizire bwino mfundo imeneyi.

Mochi nayenso amanyenga maso. Amaoneka wamng'ono koma ndi mpunga wotsenderezeka: zidutswa ziwiri za magalamu 50 zimapereka mphamvu zofanana ndi mbale ya mpunga wophika. Odwala matenda a shuga adye kachidutswa kamodzi, achulukitse ndiwo zamasamba.

Chenjezo limene silisowa chaka chilichonse

Chaka chikamatha, nthambi yozimitsa moto ya mzinda wa Tokyo, imenenso imayendetsa maambulansi, imachenjeza anthu za mochi. Bungwe la boma la Japan loteteza ogula linapeza kuti mu 2018 ndi 2019 anthu 661 a zaka 65 kupita m'tsogolo anamwalira atatsamwa ndi mochi, ndipo ambiri mwa iwo anafa m'mwezi wa Januwale kusiyana ndi mwezi wina uliwonse. Chifukwa chake n'chodziwika. Mochi akatuluka mu supu yotentha n'kulowa m'kamwa amayamba kuzizira, amalimba ndipo amamata kwambiri. Okalamba ambiri mano anatha, malovu ndi ochepa, ndipo mphamvu zomezera ndi zotsokomolera zinachepa.

Malangizo awo ndi osavuta. Dulani mochi tizidutswa ting'onoting'ono musanapereke kwa agogo. Ayambe amwa madzi kapena supu kuti kukhosi kunyowe. Atafune mofatsa, asameze mothamanga, ndipo asadye ali okha. Ana aang'ono kwambiri musawapatse n'komwe. Supu, koko ndi karoti ziwakwanira.

Munthu akatsamwa koma akutha kutsokomola, mulimbikitseni kutsokomola. Akalephera kulankhula kapena kupuma, wina aitane thandizo msanga, inu mumuweramitse n'kumumenya mwamphamvu kasanu ndi chikhatho pakati pa mapewa. Zikakanika, imani kumbuyo kwake, ikani nkhonya pamwamba pa mchombo, gwirani ndi dzanja linalo, n'kukokera m'kati ndi m'mwamba kasanu. Pitirizani kusinthanitsa njira ziwirizi. Kwa mayi woyembekezera ndi kwa khanda, pamimba sipakanikizidwa. Luso limeneli ndi lofunika m'nyumba iliyonse, chifukwa nthuli ya nyama, mbatata yowuma kukhosi kapena mtedza zingatsamwitse munthu chimodzimodzi.

Kudyera pamodzi

Ajapani amaphikiratu zakudya zina za chaka chatsopano, zotchedwa osechi, n'kuzilongedza m'mabokosi osanjikiza kuti ophika apumeko masiku atatu oyamba. Ozoni ndiye amaphikidwa m'mawa womwewo, ndipo m'mabanja ena ntchitoyi ndi ya abambo. Mwambo umenewu tauyamikira kwambiri. Amayi amene aima pa moto chaka chonse amakhala pansi n'kulandira mbale yotentha m'manja.

Mukafuna kuyesa supuyi chaka chino, musadikire tsiku lenilenilo. Iphikeni kamodzi sabata yapambuyo pa Khirisimasi kuti mudziwe kukula kwa moto wofunika ndi mlingo wa miso umene banja lanu likonda. Ndipo pa 1 Januwale, musanaitanire anthu ku tebulo, tengani mpeni mudulire agogo mochi wawo, muwaikire kapu ya madzi pafupi, ndipo mmodzi wa inu akhale pambali pawo mpaka atamaliza kudya.