Mukabwereka Galimoto ku Britain, Funsani za Inshuwalansi Musanalandire Makiyi

Kwathu kubwerekana galimoto si nkhani yachilendo. Kukagwa maliro, kukakhala ukwati, kapena mayi akamatera pa bwalo la ndege, munthu amangoimbira mlamu wake foni, makiyi n'kuperekedwa. Amalawi amene akukhala ku Britain anapita nawo mtima umenewu, ndipo ndi wabwino ndithu. Chovuta n'chakuti kumeneko inshuwalansi imatchula mayina a anthu oloredwa kuyendetsa. Galimoto ya mlamu wanu ikhoza kukhala ndi inshuwalansi yonse, koma ngati dzina lanu mulibemo, mukangogwira chiwongolero ndiye kuti mukuyendetsa popanda inshuwalansi.

Lamulo la Road Traffic Act la 1988 silinyengerera pa mlandu umenewu. Apolisi akakugwirani angakulipitseni mapaundi 300 ndi kuika mapointi 6 pa laisensi yanu, komanso ali ndi mphamvu yolanda galimotoyo pomwepo. Nkhani ikafika kukhoti, chindapusa chilibe malire ndipo mukhoza kuletsedwa kuyendetsa. Kwa amene sanakwanitse zaka ziwiri chikhozereni mayeso oyendetsa galimoto, mapointi 6 amenewo amakwanira kuthetsa laisensi, ayambirenso mayeso. Mwini galimoto nayenso amapalamula polola munthu wopanda inshuwalansi kuyendetsa. Taganizirani, munthu anangofuna kuthandiza mbale, mapeto ake onse awiri ali ndi mlandu.

Ambiri amakodwa pamenepa: amaganiza kuti poti ali ndi inshuwalansi ya comprehensive pa galimoto yawo, akhoza kuyendetsa ya wina aliyense. Si makampani onse amene amalola zimenezi, ndipo amene amalola nthawi zambiri amangopereka third party. Mukachita ngozi, amalipira amene mwamugunda, koma galimoto yobwerekayo mukonza ndi ndalama za m'thumba mwanu. Werengani satifiketi yanu, osangodalira zimene munamva kwa anzanu.

Njira yosavuta ndi inshuwalansi ya kanthawi kochepa. Imagulidwa pa intaneti, ngakhale pa foni, ndipo mungasankhe ya ola limodzi, ya tsiku, kapena ya milungu ingapo. Amafunsa nambala ya galimoto, laisensi yanu, zaka zanu ndi mbiri ya kayendetsedwe kanu, ndipo mwiniwake ayenera kukhala atavomera. Ubwino wake waukulu ndi uwu: imaima payokha. Mukachita ngozi, kuchotsera mtengo kumene mwini galimoto wakhala akupeza chifukwa cha zaka zosachita ngozi sikukhudzidwa. Maubale ambiri asokonekera pa nkhani ya galimoto yophwanyika, choncho mfundo imeneyi si yaing'ono.

Musanalipire, onani ndalama imene inuyo mudzayenera kuonjezerapo ngozi ikachitika, imene amaitcha excess, chifukwa nthawi zina imakhala yokwera. Onaninso ntchito imene mwalembetsa. Inshuwalansi yokachezera abale siikuloleni kuperekera katundu wa malonda kapena kunyamula anthu olipira. Ndipo musaname za zaka kapena mapointi amene muli nawo, pakuti kampani ikadzazindikira ikhoza kukana kukulipirani.

Alendo ochokera ku Malawi ali ndi vuto lawolawo. Laisensi ya kwathu imaloledwa kuyendetsera galimoto yaing'ono ku Britain kwa miyezi 12, koma makampani ambiri a inshuwalansi ya kanthawi amangolandira malaisensi a ku UK ndi a mayiko ena ochepa. Ngati bambo akubwera kudzaona mwana akulandira digiri ndipo akufuna kumayendetsa, ndi bwino mwanayo aimbire kampani yake mlendo asananyamuke, afunse ngati ingawonjezere dzina la bambowo kwa masiku amene akhaleko. Pa ulendo wa mwezi kapena kuposerapo njira imeneyi imatha kutsika mtengo, ngakhale kuti ngozi ikachitika idzalembedwa pa inshuwalansi ya mwanayo.

Mukagula ya kanthawi, sungani satifiketi mu foni. Apolisi amafufuza m'kaundula wa Motor Insurers' Bureau, ndipo inshuwalansi yongogulidwa kumene imatha kuchedwa kuonekamo.